Chikamwini cha Agulugufe

Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Amafunsa zimenezo ndi anthu amene bambo awo fodya ankawayendera bwino. Ndatchulapo chabe chifukwa tsiku lomaliza limene ndinakhala m'kalasi, mphunzitsi wa zaulimi anajambula dzira pa bolodi, kenako mbozi, kenako muvi wolozera kutsogolo, n'kunena kuti zotsalazo tidzaona mawa. Mawa lakelo ine ndinali pa msewu ku Nathenje, kukweza madengu a tomato m'minibasi. Maphunziro anga onse a tizilombo anathera pa muvi umenewo.

Patapita zaka zingapo ndinakwatira ku Mitundu, m'mudzi wina kuseri kwa msika, kumene mapiri a Dzalanyama amaoneka kukacha bwino. Ndinalowa chikamwini, ndinakakhala pa dothi la amayi ake a mkazi wanga. Ndinkayesa ndi za miyezi yochepa. Chimene ndinkafuna ndi chitengwa, andilole nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu ku Nathenje, kumene munthu umaima pa msewu m'mawa, ganyu n'kukupeza yekha, osapempha chilolezo kwa aliyense. Nditatumiza mawu, yankho la apongozi aakazi linabwera ndi mkazi wanga.

"Akuti mudzaze kaye nkhokwe. Akuti mwana wawo sangapite kukadya utsi wa minibasi."

Kwathu zopewana ndi apongozi zinatha kalekale. Umakwera nawo minibasi mpando umodzi, nkhuku yawo ili pamiyendo pako. Koma banja ili linali lisanamve kuti zinatha. Ndikaona apongozi aakazi akubwera m'njira, ndinkayenera kupatuka n'kunjuta patchire, nkhope kumbali, mpaka adutse. Iwo ankakoka chitenje n'kuphimba kumaso. Chaka chathunthu ndinkadziwa zidendene zawo, nkhope ayi. Chisoso chonse cha m'njira za m'mudzimo chinkandidziwa, pakuti ndinachikhalirapo. Mawu aliwonse pakati pathu ankadutsa mwa mkazi wanga ngati foni, ndipo foni yake inali yosefa. Ine ndikati, "Kawauze kuti ndatopa nazo," uko kunkafika kuti, "Akuti zikomo."

Apongozi aamuna nawonso anali mkamwini, wochokera cha ku Likuni. Anabwera ali mnyamata, anauzidwa zomwezo za nkhokwe, ndipo tsitsi linachita kuyera akudikirabe. Sankayankhula zambiri. Ankakhala m'chigafa kusoka fodya, ndipo ndikamadutsa ankandiyang'ana mmene munthu amayang'anira mbuzi imene yagulidwa Khrisimasi ili pafupi.

Munda anandipatsa, kachigawo ka kumapeto, kumalire ndi dambo. Koma mkamwini amayamba ndi munda wa eni ake. Mvula itagwa ndinadzala chimanga cha apongozi, ndinawokera fodya wa apongozi, ndinapalira kwa apongozi. Kwanga ndinadzala chaka chatsopano chitalowa kale. Pofika kumapeto kwa Febuluwale, chimanga cha aliyense chinali ndi ngayaye ndi ndevu, changa chili m'mawondo, chanthete, chokhachokha pakati pa minda yokhwima. Mbozi zonse za ku Mitundu zinauzana. Ndi zija zabwera zaka zaposachedwazi, zolowa mu nsonga ya chimanga n'kumadya kuchokera m'kati, kusiya masamba obooka ndi zitosi zonga utuchi.

Sabata yomweyo kunabwera agulugufe. Sindikunena awiri atatu a pa maluwa a maungu. Oyera, ena achikasu pang'ono, osawerengeka, akutuluka kumbali ya Dzalanyama n'kumalowera kummawa, onse njira imodzi, m'munsi, polekezera mutu wa munthu. Ankayamba dzuwa likatentha n'kuleka likapendeka. Akapeza nyumba sankailambalala, ankakwera denga n'kutsikira kuseri. M'njira ya ngolo ankatera mulu pa matope osakanikirana ndi ndowe, ndipo njinga ikadutsa ankabalalika ngati wina wang'amba kope lonse la mayeso n'kuliponya m'mwamba. Ndinaima m'munda khasu lili m'manja, ndipo kunena zoona zinali zokongola. Chinandipweteka n'chakuti kummawa kumene ankapitako ndi ku Nathenje. Kanthu kopanda mafupa kakupita kwathu, osadzaza nkhokwe ya munthu.

Madzulo mkazi wanga anachokera kwa amayi ake atavala nkhope ya uthenga.

"Akuti mwawaona alendowo?"

"Ndili ndi maso."

"Akuti ndi amenewa akuikira mbozi m'chimanga chanu."

"Awaona akuikira?"

"Mbozi zabwera, agulugufe abwera. Mukufunanso chiyani? Akuti kuyambira mawa mukalondere. Asatere ngakhale mmodzi."

"Ndikalondere agulugufe?"

"Anthu amalondera anyani, amalondera mbalame m'mapira. Chachilendo n'chiyani?"

"Iwe, kawauze amayi ako kuti mutu wawo..."

"Ndikawauza kuti mwavomera."

Choipa n'chakuti sindikanatha kutsutsa. Zoti mbozi imasanduka chinthu chouluka ndinkazidziwa. Koma mbozi iti, chouluka chiti, zonsezo zinali kutsogolo kwa muvi uja. Ndipo nkhokwe imene inkayenera kudzazayo inali yanga. Ngati panali mwayi ngakhale wochepa kuti amayiwo akunena zoona, ndinalibe ufulu wokhala pansi.

M'mawa ndinathyola nthambi yaikulu ya keshya, ya masamba ambiri, n'kukaima kumadzulo kwa munda, kumene ankatulukira. Amene sanayesepo ntchito imeneyi asaiderere. Mbalame ukaikuwiza imathawa. Nyani ukamugenda amakumbukira. Gulugufe alibe mantha, alibe manyazi, ndipo sindikhulupirira kuti amadziwa zoti munthu aliko. Ndikakupiza nthambi ankangokwera pang'ono, kundidumpha ngati chitsa, n'kutsikira kumbuyo kwanga. Ndikathamangira kumanja, kumanzere kwayera. Ena ankachita kutera pa nthambi yomweyo ndikaima kuti ndipume. Pofika masana mapewa ankayaka moto, ndipo chimanga chimene ndinachiponda pothamanga chinali chambiri kuposa chimene mbozi zinadya tsikulo.

Njira yopita ku dambo inkadutsa pafupi ndi munda wanga, choncho sindinasowe oonerera.

"Akamwini, mwapha angati lero?"

"Mutisungireko ndiwo, akamwini!"

Mnyamata wina wa kabaza, amene ndinkamudziwa ku msika, anaimitsa njinga kasitomala ali pambuyo, kuti onse aonere bwino.

"Aise, ndi pemphero limeneli kapena gule?"

"Ndi maliro a agogo ako," ndinatero. "Pita."

Sanapite. Anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

Tsiku lina kunawonjezeka atombolombo, ofiirira mwachikasu, khamu lonse litaima m'malere pamwamba pa munda wanga, mitu italoza kumphepo. Awa sankapita kulikonse. Ankangoyandama, kusuntha pang'ono, kubwerera pomwepo, ngati apolisi a pamsewu akudikira galimoto yodzaza. Ndinatuma mkazi wanga akafunse ngati awanso ali pa ntchito yanga.

"Akuti atombolombo ndi a mvula, muwasiye," anatero pobwera. "Koma akuti muziwayang'anitsitsa."

Za mbozi zimene zinali zitalowa kale, apongozi aakazi anali ndi mankhwala awo. Ankaphika usipa, kuthira shuga mu msuziwo, n'kumathira pang'onopang'ono mu nsonga ya phesi lililonse, kuti nyerere zibwere kudzafuna msuzi n'kupezamo mbozi. Anthu ambiri kumeneko amachita zimenezi, ndipo ena amalumbira kuti zimathandiza. Ine chimene ndinkaona n'chakuti mwezi wa njala, ife tikudya nkhwani wopanda nsinjiro m'mawa ndi madzulo, chimanga chikumwa msuzi wa usipa wa shuga. Ankabwera okha kudzathira, mphika uli pamutu. Akafika m'mphepete mwa munda ankatsokomola, ine n'kuponya nthambi n'kukanjuta m'dambo mpaka amalize. Ntchitoyo sanandipatse chifukwa ankati ndikhoza kumwa msuziwo. Pamenepo pokha sankalakwitsa.

Amene anandipeza pa ntchitoyi wa nzeru zake anali mlangizi wa zaulimi, mayi wachitsikana woyenda pa njinga yamoto. Anazimitsa njinga, anavula chipewa, n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Bambo, muli bwino?"

"Mukuona bwanji?"

Nditamufotokozera, anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anamuulula. Anati oyerawo ndi apaulendo chabe, amadutsa chonchi zaka zina mvula ikamapita kumapeto, ndipo chimanga alibe nacho ntchito.

"Ana awo ambiri amadya masamba a keshya," anatero, akuloza m'manja mwanga. "Nthambi mwanyamulayo ndiye mukuwaitana."

Ndinayang'ana nthambiyo. Panali agulugufe atatera, akutsegula ndi kutseka mapiko ngati akuwomba m'manja.

Kenako analowa m'munda, anagwedeza mapesi angapo, mpaka panatuluka kanthu kotuwa ngati dothi, kouluka mopusa, n'kukabisala pansi pa tsamba lina. Anali kadziwotche, wonga aja amadziguguda pa babu la sola madzulo, amene ndinkawaphwanya ndi chala osawaganizira n'komwe.

"Mwini wake wa mbozi zanu ndi uyu. Masana amagona. Amaikira mazira usiku."

"Amayi," ndinatero, "ndakupemphani. Nyumba ya malata ija, pafupi ndi chigafa. Kaneneni zomwezi, mawu omwewa. Ine sindingathe, ndi apongozi."

Anapitadi. Ndinamuona kutali atakhala pa mkeka, akuchita kujambula pansi ndi kamtengo. Ndinagona mu mzere chagada, agulugufe akundidutsa pamwamba, ndipo ndinkamva ngati ndafika kale kwathu.

Madzulo foni yanga ija, mkazi wanga, inabwera.

"Akuti amva zonse, ndipo athokoza."

"Eya."

"Akuti ndiye muzilonderanso usiku."

Osandipatsa mpata, anapitiriza.

"Masana musasiye, chifukwa mlangiziyo ndi mwana wadzulodzuloli, ndipo oyerawo akhoza kusintha maganizo. Koma nthambi akuti musinthe. Mutenge ya bulugama."

Usiku sindinapite. M'mawa ndinapita, ndi nthambi ya bulugama, koma sindinapite kukateteza chimanga. Ndinapita kukapha. Masiku onsewo ndinali ndisanagwetse ngakhale gulugufe mmodzi, ndipo ndinalumbira kuti mmodzi yekha afere anzake. Dzuwa litakwera, wina wamkulu, wachikasu, anatera pa bondo langa penipeni, pamene buluku linang'ambika. Ndinamenya. Ndinadzimenya ndekha. Iye ananyamuka mosafulumira n'kulowa kanjira kopapatiza ka pakati pa munda wanga ndi wa apongozi, kumene chimanga chawo chinali chotalika kuposa munthu. Ndinamulondola ndikuthamanga, nthambi m'mwamba, maso m'mwamba, ndikumutukwana iye, amake ndi mtundu wake wonse. Mwina apongozi anatsokomola monga mwa masiku onse. Ine sindinamve.

Tinagundana pokhota. Mphika unauluka. Tinagwera limodzi mu mzere, iwo chagada, ine pambali pawo, mwendo wanga utapanikizika pansi pa msana wawo. Msuzi unatitsikira tonse, wofunda, wonanda, usipa uli m'makutu.

Choyamba chimene aliyense anakumbukira ndi mwambo. Iwo anafufuza chitenje kuti aphimbe kumaso, koma chimene anagwira n'kukoka ndi malaya anga. Ine ndinatembenuzira nkhope kumbali, iwonso anatembenuzira mbali yomweyo. Ndi mmene ndinaonera nkhope ya apongozi anga koyamba, mphuno yanga itatsala pang'ono kukhudza yawo. Anali ndi maso a mkazi wanga enieni, ndi mutu wa usipa pa chikope.

"Chotsani chigongono chanucho, chitsiru inu!"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandiuza pakamwa pawo, chikwatirireni mwana wawo. Foni panalibe. Chilichonse chimene ndikananena chikanafika momwemo.

"Chitsiru ndi amene amatuma munthu wamkulu kuthamangitsa agulugufe," ndinatero.

Anadzuka n'kukhala tsonga, duku itapendekera khutu limodzi.

"Munthu wamkulu ali kuti? Wodzala chimanga mu Januwale?"

"Mu Disembala ndinali m'munda mwa yani?"

"Mumadya kwa yani?"

"Ndimadya nkhwani! Usipa mukupatsa chimanga!"

"Chimanga chimabereka. Inu mwabereka chiyani chibwerereni?"

"Mukanafuna zidzukulu simukanandituma kulondera usiku!"

Ndikhulupirira kuti panatsala pang'ono kuti aseke, koma sindingalumbire, chifukwa nthawi yomweyo mankhwala awo anagwira ntchito. Nyerere zinabwera, zoyamba m'khosi, kenako paliponse. Tinadzambatuka tonse, aliyense akudzimenya ndi kudumpha, ndipo sindikudziwa kuti ndi ndani anayamba, koma ndinapezeka ndikuwasasa kumsana ndi nthambi ya bulugama, iwo akukuwa kuti, "M'munsimo! M'munsimo, bulutu inu!"

Nditatukula maso ndinaona apongozi aamuna ataima kumapeto kwa kanjirako. Phokoso linawatulutsa m'chigafa. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana ine. Kenako anawerama, anatola usipa umene unagwera pa tsamba, anaupukuta pa malaya, anaponya m'kamwa, n'kubwerera ku fodya wawo.

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Kumbali yanga kunabwera achimwene anga kuchokera ku Nathenje, pa njinga, tambala atamangidwa pa keliyala. Asanandipatse n'komwe moni anati, "Iwe ukakhale chete. Ukangotsegula pakamwa ndikubwerera ndi tambalayu." Kumbali ya mkazi wanga kunali amalume ake, alongo awo a apongozi. Tinakhala kunja kwa chigafa. Apongozi aakazi anakhala m'kati, kuseri kwa fodya wopachika, kuti tisaonane, ngakhale mudzi wonse unkadziwa kuti tagubuduzika limodzi m'matope.

Achimwene anapepesa mpaka thukuta. Anati mwanayu ndi wosamva kuyambira ali wamng'ono, anati sukulu inamukanika, anati mwina ndi dzuwa. Ine ndinangoyang'ana pansi, ndikuluma mano. Amalume aja anamvetsera, analandira tambala, anamuyesa kulemera m'manja, n'kutembenukira ku chigafa.

"Achemwali, mwamva. Mukuti bwanji?"

Mawu anatuluka m'fodya.

"Ndikakumana nawo m'njira tsopano ndizitani? Ndiziphimba nkhope imene aiona kale ili ndi usipa? Akanjuta patchire ndizidziwa kuti m'mutumo akunditukwana, chifukwa pakamwa pawo ndapamva. Ndipo akapanda kunjuta, tizikangana tsiku lililonse, ntchito iima. Ine sindingathe. Azipita. Atenge mkazi wawo azipita kwawo, akagunde amayi awo."

Amalume anakanda m'mutu.

"Nanga za nkhokwe zija?"

"Nkhokwe yake iti? Chimanga chitsale. Munda ndi wanga, usipa unali wanga."

Ndinatukula mutu kuti ndifunse za thukuta langa, koma achimwene anandiponda chala ndi chidendene, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, akuthokoza mobwerezabwereza ngati atipatsa ng'ombe.

Chitengwa ndinachipeza chonchi. Anzanga amachipeza ndi matumba a chimanga, ena ndi ana atatu, ena ndi imvi. Ine anachita kundithamangitsa nacho.

Mkazi wanga sanasangalale. Anakhala masiku osandiyankhula, akumanga katundu mokalipa, mbale zikulira. Atayamba kuyankhula anati, "Anthu amachoka kwawo ndi nthungululu. Ine ndikuchoka ngati ndaba nkhuku."

Tsiku lonyamuka agulugufe anali atachepa, akudutsa mmodzimmodzi, ofooka, mapiko odyeka m'mphepete. Tinabwereka njinga ziwiri. Apongozi aakazi sanatuluke, koma anatumiza dengu la maungu ndi mawu akuti ndi a mwana wawo yekha. Apongozi aamuna anabwera kudzandithandiza kumanga matiresi. Anakoka mphira, anamanga mfundo, anayang'ana ku nyumba, n'kuwerama ngati akuona tayala.

"Bambo," ananong'ona, "munawagunda mbali iti?"

"Kutsogolo, cha paphewa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Muli pa liwiro?"

"Lonse."

"Hm," anatero. Anaima kanthawi akuyang'ana kanjira kopita kumunda. "Ine mawondo anatha."

Tinafika ku Nathenje dzuwa litapendeka, ndi fumbi mpaka m'mano. Amayi anga anatilandira ndi nthungululu, anamukumbatira mkazi wanga, anamulanda dengu la maungu. Kenako anandikokera pambali.

"Mwana wanga, sindinkadziwa kuti angakumasule msanga chonchi. Gowelo lako lija ndinaikamo mbuzi. Zinalibe kwina."

Ndinakatsegula chitseko. Fungo linatuluka loyamba, kenako tiana tiwiri. Zazikulu zinangondiyang'ana zili chigonere, zikubzikula. Pansi panali manyowa ofika m'kakolo.

Mkazi wanga anatula beseni pabwalo, analivundikira, n'kukhalapo. Anayang'ana denga, anayang'ana khoma, anayang'ana ine.

"Ndiye kwanu kuja n'kuno?"

"N'kuno."

"Chabwino," anatero, akumasula nsapato. "Kabwerekeni fosholo. Ndipo muyambe ndi ya ndevuyo, ikuoneka kuti ndiyo mwini nyumba."